Kodi Mbiri ya Chiyambi cha Chikhristu Ingadaliridwe Mpaka Pati?

Mkangano wa chiyambi cha Chikhristu ukabuka, kaya ndi pamsika pamene alaliki a zipembedzo ziwiri akutsutsana, pa wailesi kapena m'kalasi ya zaumulungu, umakonda kuthera m'ziganizo ziwiri zazifupi. Wina amati Baibulo linasinthidwa, ndipo zimene tikuwerenga lero anazikonza ndi mafumu ndi mabishopu. Mnzakeyo amati palibe ngakhale chilembo chimodzi chimene chinasuntha chichokere m'manja mwa atumwi. Onse awiri amalankhula ndi mtima wonse, koma onse awiri amasenzetsa umboni katundu woposa mphamvu zake.

Chimene chimasokoneza ndi funso lenilenilo. Munthu akafunsa ngati mbiriyi ndi yodalirika, wafunsa mafunso asanu pakamodzi. Kodi Yesu wa ku Nazarete anakhalakodi? Amene analemba za iye anali ayani, analemba liti, ndipo anazimva kwa yani? Kodi mawu awo anatifika monga anawalembera? Anasankha mabuku 27 a Chipangano Chatsopano ndani? Nanga pa zozizwitsa ndi kuuka kwa akufa, wolemba mbiri anganenepo chiyani? Funso lililonse lili ndi umboni wake, ndipo mayankho ake salemera mofanana. Wowaphatikiza amapambana pa funso limodzi n'kumayesa kuti wapambana pa onse.

Mlandu suwola

Mkanganowu si wa dzulo. Cha m'ma 180, munthu wina wophunzira wachigiriki, Celsus, analemba buku lonyoza Akhristu, ndipo chimodzi mwa zimene anawanena n'chakuti amasinthasintha Uthenga wawo kuti azembe owatsutsa. Patapita zaka pafupifupi 70, Origen, mphunzitsi wochokera ku Alexandria m'dziko la Egypt, anamuyankha mfundo ndi mfundo. Koma Origen yemweyo sanabise kuti mabuku okopedwa pamanja amene ankawerenga ankasiyana m'malo ena, ndipo anadandaula za alembi osasamala ndi ena odzipatsa ufulu wokonza zimene apeza.

Kafukufuku wamakono anayambira ku Germany. Hermann Samuel Reimarus, mphunzitsi wa ku Hamburg, analemba mobisa kuti Yesu anali munthu wofuna kumasula Ayuda ku ulamuliro wa Aroma, ndipo atalephera, ophunzira ake anapeka nkhani ya kuuka. Anaopa kuzisindikiza ali moyo, choncho zinatuluka pakati pa 1774 ndi 1778 iye atamwalira kale. Mu 1835 David Friedrich Strauss anati nkhani zambiri za m'Mauthenga Abwino si mabodza adala, koma nthano zobadwa m'chikhulupiriro cha mpingo woyamba. Buku lakelo linamuchotsetsa ntchito ku Tübingen. Mu 1906 Albert Schweitzer, amene pambuyo pake anakakhala dokotala ku Lambaréné m'dziko la Gabon, anawerenga mabuku a moyo wa Yesu olembedwa m'zaka zoposa 100 zapitazo, n'kuona kuti wolemba aliyense anapeza Yesu wofanana ndi iye mwini. Chenjezo limeneli likadali lothandiza. Mu 1985 gulu la akatswiri a ku America lotchedwa Jesus Seminar linayamba kuvota ndi mikanda ya mitundumitundu pa mawu alionse a Yesu, ndipo linavomereza osakwana gawo limodzi mwa magawo asanu. Akatswiri anzawo ambiri anati Yesu amene anatuluka m'mavotiwo ankalankhula ngati mphunzitsi wa payunivesite ya ku America, osati Myuda wa ku Galileya.

Kodi munthuyo anakhalako?

Ili ndilo funso limene umboni wake ndi wolimba kuposa ena onse. Zolembedwa zakale kwambiri zokamba za Yesu si Mauthenga Abwino koma makalata a Paulo. Mwa makalata 13 okhala ndi dzina lake, pali asanu ndi awiri amene pafupifupi katswiri aliyense, wokhulupirira ndi wosakhulupirira yemwe, amavomereza kuti analembadi ndi iye: Aroma, Akorinto awiri aja, Agalatiya, Afilipi, 1 Atesalonika ndi Filemoni. Kalata ya kwa Atesalonika inalembedwa cha m'ma 50, zaka pafupifupi 20 chipachikidwe cha Yesu. Chakachi sichongoganizira. Ku Delphi, m'dziko la Greece, kunapezeka mwala wolembedwa wosonyeza kuti Galiyo anali bwanamkubwa wa chigawo cha Akaya m'zaka za 51 ndi 52, ndipo buku la Machitidwe limati Paulo anaimikidwa pamaso pa Galiyo ameneyu ali ku Korinto. Pamwala umenewu ndi pamene akatswiri amayambira powerengera zaka za maulendo a Paulo.

Paulo sanayende ndi Yesu, koma m'kalata ya kwa Agalatiya amanena kuti anapita ku Yerusalemu, anakhala ndi Petro masiku 15, ndipo anakumana ndi Yakobo, mbale wake wa Yesu. Sakunena zimenezi pofuna kutsimikizira munthu kuti Yesu anakhalako. Akuzitchula ali pa mkangano wina, wa ulamuliro wake monga mtumwi. Umboni woperekedwa mosakonzekera chotere umalemera kwambiri kwa wolemba mbiri.

Kunja kwa mpingo kuli mboni zitatu zodziwika. Josephus, Myuda wobadwira ku Yerusalemu, anamaliza buku lake lalikulu la mbiri ya Ayuda cha m'ma 93, ndipo amatchula Yesu kawiri. Pamalo ena akufotokoza za kuphedwa kwa Yakobo m'chaka cha 62, n'kumuzindikiritsa monga mbale wa Yesu wotchedwa Khristu. Ndime imeneyi ambiri amaivomereza. Ndime inayo ili ndi vuto, chifukwa imachitira umboni kuti Yesu ndi Mesiya ndipo anauka, pamene Origen, amene anawerenga Josephus, ananena poyera kuti Josephus sankakhulupirira Yesu. Akatswiri ambiri amati Josephus analembadi mawu ochepa okamba za Yesu ndi imfa yake, kenako mlembi wachikhristu anawonjezera zokometsera. Apa wotsutsa ali ndi mfundo: Akhristu ena akale anaikadi dzanja m'zolembedwa za anthu ena.

Tacitus, wolemba mbiri wachiroma amene ankanyansidwa ndi Akhristu, analemba cha m'ma 115 kuti mfumu Nero inawanamizira kuti ndiwo anatentha mzinda wa Roma m'chaka cha 64, ndipo anawonjezera kuti woyambitsa gulu lawo anaphedwa ndi Pontiyo Pilato mu ulamuliro wa Tiberiyo. Cha m'ma 112, Pliny, bwanamkubwa wa chigawo cha Bithynia, analembera mfumu Trajan kufunsa chochita ndi Akhristu, amene ankasonkhana kusanache n'kumaimbira Khristu ngati mulungu.

Alipo amene amati Yesu ndi nthano chabe, kuyambira Bruno Bauer m'zaka za m'ma 1800 mpaka Richard Carrier masiku ano. Mfundo yawo yaikulu n'yakuti palibe wolemba wa m'nthawi ya moyo wa Yesu amene anamutchula. Zimenezo n'zoona, koma mmisiri wa kumudzi wa ku Galileya sanali munthu woti olemba a ku Roma amuganizire, ndipo ngakhale Pilato, wolamulira Yudeya yense kuyambira 26 mpaka 36, amatchulidwa m'zolembedwa zochepa kwambiri. Mwala wokhala ndi dzina lake unapezeka ku Caesarea mu 1961. Bart Ehrman, katswiri wa ku America amene anasiya Chikhristu ndipo amadziwika ndi kutsutsa zambiri za m'Baibulo, anatulutsa buku lathunthu mu 2012 lotsutsa anthu onena kuti Yesu kunalibe.

Olemba Mauthenga ndi nthawi yawo

Apa ndi pamene pagona mkangano weniweni. Akatswiri ambiri amati Marko ndiye woyamba, cha m'ma 70, chaka chimene asilikali achiroma a Titus anagwetsa kachisi wa ku Yerusalemu. Mateyu ndi Luka amawaika pakati pa 80 ndi 90, Yohane cha m'ma 90 mpaka 100. Ena, monga John A. T. Robinson mu 1976, anati onse analembedwa chaka cha 70 chisanafike, ndipo amaloza ku buku la Machitidwe limene limatha Paulo akadali wamoyo m'ndende ku Roma. Amenewa ndi ochepa, koma mfundo yawo sinafe.

Zaka 40 mpaka 65 pakati pa imfa ya Yesu ndi kulembedwa kwa Mauthengawa ndi mpata wotani? Zili ngati munthu wolemba masiku ano za ufulu wodzilamulira wa Malawi wa 1964. Amene anaona ndi maso akadalipo, ndipo sangalole kuti wina asinthe dzina la mtsogoleri kapena chimene chinachitika. Koma mukawafunsa mawu enieni amene analankhulidwa pamsonkhano wakutiwakuti, kapena chimene chinayamba ndi chimene chinatsatira, mudzamva zosiyana, ndipo aliyense amafotokoza mogwirizana ndi mbali imene anaima. Mpata wotere sufafaniza mbiri, komanso suisunga mawu ndi mawu.

Mabuku anayiwa satchula owalemba m'kati mwa nkhani zawo. Woyamba kutchula mayina onse anayi momveka bwino ndi Irenaeus, bishopu wa ku Lyon, cha m'ma 180. Iye asanalembe, Papias wa ku Hierapolis ananena kuti Marko anali womasulira wa Petro ndipo analemba zimene anakumbukira, koma osati mwa ndondomeko yake. Otsutsa amati Yesu ndi ophunzira ake ankalankhula Chiaramu, pamene Mauthenga analembedwa m'Chigiriki, ndipo panthawiyo odziwa kuwerenga mu ufumu wa Aroma mwina anali mmodzi pa anthu khumi alionse, monga anawerengera William Harris. Asodzi a ku Galileya sakanalemba mabuku otere. Oyankha amati kunali alembi olembera anthu ena, ndipo mpingo ukanafuna kunama ukanasankha mayina a atumwi otchuka, osati Marko ndi Luka amene sanali m'gulu la khumi ndi awiri aja. Richard Bauckham, m'buku lake la 2006, anasonyezanso kuti mayina a anthu a m'Mauthenga, monga Simoni, Yosefe, Mariya ndi Salome, ndi omwewo amene amapezeka kawirikawiri m'manda ndi m'zolembedwa za Ayuda a ku Palestine a nthawi imeneyo, chinthu chovuta kuchipeka uli kutali.

Chinthu china chimene owerenga ambiri sachidziwa n'chakuti Mateyu, Marko ndi Luka si mboni zitatu zoima pazokha. Pafupifupi magawo asanu ndi anayi mwa khumi a Marko akupezekanso mwa Mateyu, nthawi zambiri ndi mawu omwewo achigiriki, ndipo oposa theka ali mwa Luka. Mateyu ndi Luka alinso ndi mavesi oposa 200 ofanana amene mwa Marko mulibe, ambiri mwa iwo ziphunzitso za Yesu. Ambiri amati anawatenga m'buku lina lotayika limene amalitcha Q, pamene ena monga Mark Goodacre amati Luka anangowerenga Mateyu. Luka mwini amavomera kumayambiriro kwa buku lake kuti ena analemba iye asanalembe. Choncho nkhani ikapezeka m'mabuku atatuwa, mwina yachokera pakamwa pamodzi.

Pamene zikugwirizana ndi pamene zikutsutsana

Ofukula zakale apeza zambiri zosonyeza kuti olembawa ankalidziwa dziko limene ankalifotokoza. Thamanda la Betesida la makonde asanu limene Yohane amatchula linafukulidwa ku Yerusalemu, ndipo la Siloamu linapezeka mu 2004. Mu 1990 kunapezeka bokosi la mafupa lokongoletsedwa bwino lolembedwa dzina la banja la Kayafa, ndipo ambiri amakhulupirira kuti ndi la mkulu wa ansembe uja. Mu 1968 kunapezeka fupa la chidendene la munthu wotchedwa Yehohanan, msomali wa pamtanda ukadali momwemo, m'manda a banja lake. Izi zinayankha mbali ina ya maganizo a John Dominic Crossan ndi ena onena kuti wopachikidwa sankaikidwa m'manda aulemu. Komabe mwala umachitira umboni malo, osati zonse zonenedwa kuti zinachitika pamalopo. Kupezeka kwa thamanda sikutsimikiza kuti wodwala anachira pamenepo.

Palinso malo amene nkhanizi zimakanika kugwirizana. Mateyu amaika kubadwa kwa Yesu m'masiku a Herode Wamkulu, amene anamwalira mu 4 BC. Luka amakulumikiza ndi kalembera wa Kureniyo, amene malinga ndi Josephus anachitika mu 6 AD, zaka khumi pambuyo pake. Marko amati chakudya chomaliza chinali cha Paskha, pamene Yohane amati Yesu anafa tsiku lokonzekera Paskhayo. Imfa ya Yudasi imafotokozedwa mosiyana mwa Mateyu ndi m'Machitidwe. M'buku la Machitidwe, Gamaliyeli akutchula woukira wina dzina lake Teuda, amene Josephus amamuika zaka zingapo pambuyo pa nthawi imene Gamaliyeli akulankhula. Pa chilichonse mwa izi alipo amene anayesa kupereka yankho, ndipo mayankho ena ndi omveka pamene ena ndi okakamiza.

Wolemba mbiri sataya buku lakale chifukwa lasiyana ndi linzake. Akanatero sipakanatsala mbiri ya Aroma kapena ya Agiriki. Chimene amachita ndi kupeta. Amafunsa ngati nkhani ikupezeka m'magwero osadalirana, monga Paulo, Marko ndi Yohane. Amafunsa ngati ikugwirizana ndi moyo wa Ayuda a nthawiyo. Amafunsanso ngati inali yochititsa manyazi kwa oifotokoza, chifukwa munthu sapeka chomunyozetsa. Kubatizidwa kwa Yesu ndi Yohane Mbatizi, amene ubatizo wake unali wa kukhululukidwa kwa machimo, kunavutitsa Akhristu oyamba. Kukana kwa Petro kunanyozetsa mtsogoleri wawo. Koposa zonse, mtanda unali imfa ya akapolo ndi oukira boma, ndipo Paulo mwini amavomera kuti unali chokhumudwitsa kwa omvera ake. Ndi njira zotere, akatswiri osiyana zikhulupiriro monga Geza Vermes ndi E. P. Sanders anafika pa msana wa mbiri umene ambiri amauvomereza: Myuda wa ku Nazarete, wobatizidwa ndi Yohane, wolalikira za ufumu wa Mulungu ku Galileya, wodziwika monga wochiritsa, amene anasonkhanitsa ophunzira, anachita chinthu chokwiyitsa akuluakulu m'kachisi, ndipo anapachikidwa ndi Pilato cha m'ma 30 kapena 33.

M'manja mwa alembi

Palibe buku la Chipangano Chatsopano limene tili nalo m'dzanja la wolilemba. Tili ndi makope a makope, oposa 5,800 a m'Chigiriki, osawerengera a m'Chilatini, Chisiriya, Chikoputiki ndi zilankhulo zina. Chiwerengerochi chimatchulidwa kawirikawiri m'maulaliki, koma chimafuna kufotokozedwa. Ambiri mwa makopewa ndi a zaka za m'ma 800 kupita m'tsogolo. Akale kwenikweni ndi ochepa, ndipo ambiri ndi tizidutswa ta mapepala a gumbwa topulumuka mumchenga wouma wa ku Egypt. Kodziwika kwambiri ndi P52, kachidutswa kokwana m'chikhatho ka Yohane 18, kosungidwa ku Manchester. Ambiri amakaika m'zaka za m'ma 100, ngakhale kuyerekeza zaka poona kalembedwe kokha kungaphonye ndi zaka makumi angapo. Kope la makalata a Paulo lotchedwa P46 ndi la cha m'ma 200. Mabuku aakulu a zikopa, Codex Vaticanus ndi Codex Sinaiticus, ndi a zaka za m'ma 300. Lachiwirili analitulutsa ndi Constantin von Tischendorf ku nyumba ya amonke ya St Catherine pa phiri la Sinai, ndipo mbali yake yaikulu inagulidwa ndi Britain mu 1933.

Poyerekeza ndi mabuku ena akale, chuma chimenechi n'chachikulu. Ndime ya Tacitus yokamba za Khristu ija inatifika kudzera m'kope limodzi lokha la zaka za m'ma 1000. Koma kuchuluka kwa makope kumabweretsanso kuchuluka kwa kusiyana. John Mill, mu 1707, anadzidzimutsa anthu a ku England posonyeza malo osiyana okwana 30,000. Lero akatswiri amayerekeza pakati pa 200,000 ndi 500,000. Zambiri mwa izi ndi kalembedwe ka mawu, kudumpha mzere, kubwereza liwu kapena kusinthanitsa mawu awiri, zinthu zosaoneka n'komwe pomasulira.

Zikuluzikulu n'zowerengeka ndipo n'zodziwika. Mavesi 12 omaliza a Marko mulibe mu Vaticanus ndi Sinaiticus. Nkhani ya mkazi wogwidwa m'chigololo, pa Yohane 7:53 mpaka 8:11, mulibe m'makope akale kwambiri, ndipo m'makope ena inaikidwa m'buku la Luka. Mawu onena za Utatu pa 1 Yohane 5:7 anachokera m'makope achilatini. Erasmus sanawaike m'Chipangano Chatsopano chachigiriki chimene anasindikiza mu 1516, koma atapanikizidwa anawalowetsa mu 1522, ndipo kuchokera pamenepo analowa m'Baibulo lachingerezi la King James la 1611. Ngakhale nambala ya chilombo ya pa Chivumbulutso 13 ili 616 m'kachidutswa kena kakale kopezeka ku Oxyrhynchus, ndipo Irenaeus ankadziwa kale za kusiyanaku.

Mfundo yofunika n'yakuti zowonjezerazi tikuzidziwa chifukwa makope akale alipo oziulula. Kusintha kukanachitika pamalo amodzi mwa lamulo la munthu mmodzi, sitikanakuona. Koma makope anafalikira ku Egypt, Syria, Roma ndi kumpoto kwa Africa popanda woyang'anira mmodzi, ndipo cholakwa cha uku chimaululidwa ndi kope la uko. Kope la gumbwa lotchedwa P75, la cha m'ma 200, limafanana kwambiri ndi Vaticanus amene analembedwa zaka zoposa 100 pambuyo pake, umboni wakuti kunali alembi osamala. Chotsalira chimene palibe angachitseke ndi zaka zoyambirira zenizeni, pakati pa wolemba ndi kope loyamba limene tili nalo. Pa mpata umenewu Ehrman amatsindika kukayika, pamene mphunzitsi wake Bruce Metzger ankaona kuti mawu ambiri ndi otsimikizika. Awiriwa anagwirira limodzi ntchito pa umboni womwewo.

Anasankha mabuku ndani?

Nkhani yakuti mfumu Constantine inasankha mabuku a Baibulo pamsonkhano wa ku Nicaea mu 325 inafala kwambiri chifukwa cha buku lanthano la Dan Brown la 2003, koma zolembedwa za msonkhanowo sizikamba za mndandanda wa mabuku. Nkhani yaikulu kumeneko inali chiphunzitso cha Arius, wansembe wa ku Alexandria, pa ubale wa Mwana ndi Atate. Komanso ena mwa makope a gumbwa aja anali atalembedwa kale Constantine asanabadwe, ndipo akafukulidwa amanena zomwezo.

Kusankhaku kunatenga zaka zoposa 200 ndipo kunali ndi mikangano. Cha m'ma 144 Marcion anakana Chipangano Chakale chonse n'kusunga Luka wodulidwa ndi makalata khumi a Paulo, ndipo izi zinakakamiza mipingo kunena poyera mabuku amene imavomereza. Pofika 200, Mauthenga anayi, Machitidwe ndi makalata a Paulo anali okhazikika pafupifupi kulikonse. Yakobo, Yuda, 2 Petro, 2 ndi 3 Yohane ndi Chivumbulutso anakayikiridwa kwa nthawi yaitali, monga akuchitira umboni Eusebius, wolemba mbiri ya mpingo wakale. Sinaiticus ali ndi mabuku awiri amene lero mulibe m'Chipangano Chatsopano. Mndandanda woyamba wofanana ndendende ndi wathu wa mabuku 27 uli m'kalata ya Pasaka ya Athanasius wa ku Alexandria ya 367, ndipo unavomerezedwa pamisonkhano ya ku Hippo mu 393 ndi ku Carthage mu 397. Malo atatu onsewa ali mu Africa, mfundo yoyenera kuikumbukira kwa amene amati bukuli linakonzedwa ku Ulaya.

Nanga mabuku osiyidwa? Mu 1945, pafupi ndi Nag Hammadi ku Egypt, kunapezeka mtsuko wa mabuku a m'Chikoputiki, kuphatikizapo Uthenga wa Tomasi wokhala ndi mawu 114 onenedwa kuti ndi a Yesu. Mabukuwa anatsimikiza zimene Walter Bauer ananena mu 1934, kuti Chikhristu choyamba chinali ndi magulu ambiri otsutsana. Koma ambiri mwa mabukuwa ndi a zaka za m'ma 100 ndi 200, ndipo sadziwa zambiri za Galileya kapena Yerusalemu. Akatswiri ena amati Uthenga wa Tomasi ungakhale ndi mawu ena akale. Uthenga wa Barnaba, umene umatchulidwa kawirikawiri m'mikangano ya zipembedzo kuno kwathu, ndi nkhani ina. Makope ake ndi a m'Chitaliyana ndi Chisipanishi, osapitirira zaka za m'ma 1500 kubwerera m'mbuyo, ndipo umafotokoza Yesu akufika ku Nazarete pa ngalawa, pamene mudziwo uli pamapiri.

Pamene wolemba mbiri amalekezera

Pa 1 Akorinto 15, kalata ya cha m'ma 54, Paulo akubwereza chiphunzitso chimene akuti anachilandira kwa ena, chokhala ndi mayina a amene anaona Yesu atauka: Petro, khumi ndi awiri aja, gulu loposa 500, ndi Yakobo. Akatswiri ambiri, ngakhale Gerd Lüdemann amene sankakhulupirira kuuka, amati chiphunzitsochi chinayamba patangopita zaka zochepa Yesu atafa. Ndiye kuti chikhulupiriro cha kuuka si nthano yokula pang'onopang'ono m'mibadwo ingapo. Chinalipo pachiyambi, pakati pa anthu omudziwa.

Chimene chinachititsa chikhulupirirocho ndi pamene njira zimapatukana. Lüdemann anati anali masomphenya a anthu osweka mtima. N. T. Wright, m'buku lake la 2003, anati manda opanda kanthu pamodzi ndi kuonekera ndizo zokha zimene zingafotokoze kuti Ayuda amene ankayembekeza kuuka kwa anthu onse pa tsiku lomaliza anayamba kulalikira kuuka kwa munthu mmodzi. Sanders anavomereza kuti ophunzirawo anakumanadi ndi china chake, koma anakana kugamula kuti chinali chiyani. Zida za wolemba mbiri zimayeza zinthu poyerekeza ndi zimene zimachitika kawirikawiri, ndipo chozizwitsa, mwa chikhalidwe chake, ndi chinthu chosachitika kawirikawiri. Wochikana ndi wochivomera onse amabwera ndi chikhulupiriro chawo cha mmene dziko lilili, ndipo ndi bwino kuti anene chomwecho m'malo modzibisa kuseri kwa miyala ndi zikopa.

Tikaika zonse pa sikelo, mayankho asanu aja akutuluka chonchi. Kukhalako kwa Yesu ndi imfa yake pa mtanda n'zotsimikizika monga mmene mbiri yakale ingatsimikizire chinthu. Mawu a mabukuwa anatifika bwino koposa a mabuku ena a nthawi yawo, ndipo malo okayikitsa amadziwika, moti Mabaibulo ambiri a masiku ano amawasonyeza m'mawu a m'munsi mwa tsamba. Mndandanda wa mabuku unakula mwa mkangano, osati mwa lamulo la mfumu. Mauthenga Abwino ndi mbiri yolembedwa ndi okhulupirira pofuna kuti ena akhulupirire, yolimba pa msana wake, yosiyana pa zina zing'onozing'ono ndi zina zosachepa. Pa kuuka, mbiri imatifikitsa pa anthu amene anali otsimikiza kuti amuona, n'kuima pomwepo. Zonsezi si chinsinsi cha akatswiri okha. Masamba a Codex Sinaiticus anaikidwa pa intaneti mu 2009, ndipo aliyense wonena kuti vesi lakuti linachotsedwa kapena kuwonjezeredwa angafunsidwe mafunso atatu: kope lake ndi liti, ndi la chaka chanji, ndipo likusungidwa kuti.